Mapaipi Atsopano a Galimoto ya Ababa

Galimoto yakale ija inakhala pa majeke m'galaja ya kuseri kwa nyumba kuyambira Sipanala ali pasukulu. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake, amakaniko opuma ntchito, poti mwa ana onse ndi mtsikana yekhayu amene ankakonda kudetsa manja ndi girizi. Ankaikonza awiriwiri, lero chitseko, mwezi wamawa mabuleki. Pomwe injini imatha kumangidwa n'kuti madalawo ali gone, matenda a m'chifuwa atawadya mpaka kutsala mafupa okhaokha. Kuchipatala anawabweza kuti akapumulire kunyumba, ndipo aliyense anamva tanthauzo lake.

Pempho lawo linali limodzi: aimve galimotoyo ikulira. Anauza akazi awo kuti bedi alikokere pazenera loyang'ana kugalaja, ndipo zeneralo lisatsekedwe.

Chotsala chinali mapaipi otulutsa utsi mu injini, aja amakumana pamodzi n'kulowa mu ekizozi. Akale anali atadyeka ndi dzimbiri. Sipanala anaitanitsa atsopano, osati a kampani yopanga galimotoyo, koma aja ogulitsa amalumbira kuti amangolowa okha. Kuwala kwake ngati sefuliya yatsopano. Koma amene anawapangayo kaya ankayeza akusinza, kaya. Mabawuti ena analowa, ena mabowo anaphonya. Mbale yomangira ku injini inali yopindika moti chikhadabo chimalowa pampata. Paipi imodzi inkakhudza ndodo ya chiwongolero. Anthu ena manyazi alibe ndithu.

Malume ake, owotcherera zitsulo, atasuzumira m'boneti sanachedwe. Anati aiphwanye paipiyo ndi hamala, aike magasiketi awiri otseka mpata uja, amange mabawuti amene alowawo, alize basi. Alamu awo sakudikira galimoto ya chionetsero, akungofuna kumva phokoso.

Sipanala anakana. Bambo akewo ankawadziwa. Munthu woti galimoto yotayira mpweya ikadutsa pamsewu ankasiya kudya kuti ainyoze kaye! Ndi kangati anamumasulitsa ntchito ya tsiku lonse chifukwa cha ka "tsi-tsi-tsi" koti iye sanakamve n'komwe? Ndiye lero akawamvetse kaphokoso komweko ali pabedi lawo lomaliza? Mantha anali nawo, inde, koma mtima wake unkalakalakanso kuwamva akunena kuti wakhoza.

"Mawa ilira, amalume. Ilira bwino."

"Iwe mawa uli nalo, mwana wanga. Nanga iwo?"

Sipanala anatola tupa n'kuyamba kukuza mabowo pang'onopang'ono. Mbale ija anaipala pa sandipepala womata pagalasi, monga anamuphunzitsira bambo ake. Paipi yokhudza chiwongolero ija anaitenthetsa n'kuipinda mosamala, osasiya chipsera. Mayi ake ankabwera pakhomo la galaja kudzanena kuti ababa akufunsa kuti zafika pati. Iye osadzutsa n'komwe mutu, ankangoti awauze kuti kwatsala pang'ono.

Mawa lake masana mbale inagona bwinobwino, mpata wolowa ndi tsitsi lomwe panalibe. Mabawuti onse analowa ndi zala zokha. Anamanga kuyambira pakati kupita kumbali, n'kupukuta manja kuti akhale pampando wa dalaivala. Apo ndi pomwe anamva kulira m'nyumba. Anali mawu a mayi ake.

Maliro atatha, anthu atabalalika, Sipanala analowanso m'galaja. Atangopotokola kiyi injini inadzuka ulendo umodzi, mawu ake okhuthala, osalala. Anayendetsa dzanja pafupi ndi mapaipi kufunafuna mpweya wothawa, koma panalibe. Inali ntchito yabwino kuposa zonse zimene anagwirapo, ndipo inamuwawa koopsa. Mwachizolowezi anatukula mutu kuyang'ana pazenera paja.

Linali lotsegulabe. Mayi ake anali chiimire pamenepo, m'manja muli bulangete la malemu. Anayankhula mokweza pang'ono kuti amveke pamwamba pa injini.

"Tsiku lija ankangoti, bwanji sakungoiliza, ngakhale izitayira, ndingoimvako. Ndinati ndikakuuze. Iwo akuti ayi, musiyeni mwana, akuchita momwe ndinamuphunzitsira."

Sipanala anazimitsa injini. Mapaipi atsopano aja anayamba kuthetheka pozizira, ndipo mayi ake anakoka zenera n'kutseka.