Belu la Amayi

Achimwene anali akumanga chingwe cha nsapato yachiwiri pomwe munthu anagogoda. Ankapita kuchipatala kukamuneneza namwino, ndipo mawu oti akanene anali atawabwereza sabata yonse mokweza, mpaka Mzime, mlongo wawo wamng'ono, anawaloweza ngati nyimbo.

Mzime anatsegula chitseko. Panja panaima mtsikana woonda atafumbata magalasi a Amayi. Popanda yunifolomu ankaoneka ngati mwana wasukulu, moti Mzime anachedwa kumuzindikira.

"Ndi ameneyu," anatero Achimwene. "Wadzibweretsa yekha."

Amayi anagwira unamwino mpaka kupuma pantchito, koma manja awo sanapume nawo. Ukawapatsa moni, zala zawo ziwiri zinkatsetserekera pamkono pako n'kuyamba kumvetsera mtima, ngakhale utangobwera kudzabwereka mchere. Anamwalira m'wodi, masana. Nthawi yoona odwala inali isanakwane, ndipo Achimwene ankasuzumira pagalasi la chitseko. Anaona Amayi akuliza belu. Anaona namwino uyu akubwera, kuwerama pang'ono, n'kuthamangira bedi lina. Pomwe chitseko chinkatsegulidwa, bedi la Amayi linali litatchingidwa kale ndi makatani.

Chichokereni tsikulo mutu wa Mzime sunkagwira. Ankakwiyira namwino, kenako dokotala, kenako iye mwini, mwinanso kapu ya Amayi yomwe inkangokhala pashelefu ngati palibe chachitika.

"Lowani, khalani pansi," anatero Mzime, posadziwa kuti mdani amalandiridwa bwanji.

Namwino anakhala kunsonga kwa mpando. "Magalasiwa anatsala m'kabati. Komanso ndamva kuti mukubwera kudzadandaula."

"Wamva bwino. Munthu waliza belu, iwe n'kumusiya. Akanakhala mayi ako?"

"Achimwene, mulekeni alankhule."

"Belu lija sanadzilizire okha, bambo," anatero namwino. "Pakona panali mayi wina wochokera ku opaleshoni. M'mawa wonse ankabuula, kenako anangoti zii. Ine ndinkati mankhwala agwira, agona. Nditafika kwa amayi anu anandilozera kukona, n'kunena kuti, 'Mwanangu, wodwala wokuwa ali ndi mpweya. Thamangira wakhala cheteyo.'"

Mawuwo Mzime anakula nawo. Ali ana, Achimwene akagwa n'kulira momvetsa mtunda wonse, Amayi ankapitiriza kusita zovala, koma Mzime akangokhala phee pakona, ankasiya zonse n'kudzamugwira pamphumi.

"Mayi aja ankataya magazi m'kati," anapitiriza namwino. "Tinawabwezera ku opaleshoni. Ali moyo."

"Ndiye wabwera kuti tikuombere m'manja?"

"Ayi. Ndabwera chifukwa pali china chimene simunachione pagalasi paja." Anayang'ana zikhatho zake. "Pondilozera, anandigwira. Dzanja lawo linali lozizira, lathukuta. Ndinamva, ndipo ndinadziwa kuti si bwino. Ndinati ndiwayeze kaye, iwo anandikankha. Mnzanga anali ataperekeza wodwala wina, m'wodi ndinatsala ndekha. Ndinatuma woyeretsa kukaitana dokotala, ine n'kupita kukona. Ndinasankha ndine, bambo, osati iwo. Wodwala salamula namwino, ngakhale akhale mphunzitsi wa anamwino."

"Mukanayamba ndi Amayi, akanachira?" anafunsa Mzime.

"Sindikudziwa, achemwali. Dokotala akuti mtima wawo unali utatopa kale. Ndafotokoza zonse kwa akuluakulu anga, akuti ndinachita bwino, koma tulo sindikuliona. Mukapita kukanena, mukanene ndi za dzanja lozizirazo. Musandibisire."

Mzime anafunafuna mkwiyo wake osaupeza pomwe anausiya. Aukwiyire ndani tsopano? Mtsikana amene anamvera Amayi, kapena Amayi amene anadziwa bwino lomwe tanthauzo la dzanja lawo lozizira, n'kulozabe kukona? Zinamupweteka kuti pa mphindi yomaliza Amayi anaganizira mlendo, ndipo zinamupwetekanso kuti sanadabwe nazo ngakhale pang'ono.

Namwino anaika magalasi patebulo n'kutsanzika. Mzime anamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumuuza kuti ayende bwino.

Atabwerera anapeza nyumba ili zii. Achimwene, amene sabata yonse ankagwedeza makoma ndi mawu, anali atakhala pomwe paja, nsapato imodzi yomanga, ina atayivula n'kuyigwira m'manja. Sankalira, sankalankhula, ankangoyang'ana magalasi aja.

Mzime anayamba kutolera makapu omwe anali patebulo, koma anawasiya. Anapita kukakhala pambali pawo, anawalanda nsapatoyo n'kuyiika pansi, nawagwira dzanja. Zala zake ziwiri zinatsetserekera zokha pamkono.

"Ukutani?" anafunsa Achimwene, mawu ali pansipansi.

"Khalani chete kaye," anatero Mzime. "Ndikumvetsera."