Tsiku Losadya Nkhumba ku Tukuyu

"Amalume, mwatichititsa manyazi. Nkhumba lero, m'nyumba muno?"

Tumpale anaima pakhomo la khitchini, manja ali m'chiuno. Amalume ake, a Gwakisa, anali atangotsika basi yochokera ku Dar es Salaam. Anaika phukusi lanyamalo pambali pa nthochi zosendasenda, nati mtsikana ameneyu ukali wake ngati mavu, za makedzana azisiye.

Kwa Tumpale sizinali za makedzana. Agogo ake, malemu a Ambokile, bambo awo a Gwakisa omwewo, anakulira m'mapiri momwemu, madzi aakulu amene ankawadziwa unali mtsinje wa Kiwira basi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse azungu anawakweza sitima ya pamadzi mpaka ku Madagascar. Atayandikira gombe la Majunga anaona mchenga uli mbee pansi pa madzi, nayesa ndi posaya ngati powolokera kwawo. Analumpha boti lisanagunde kumtunda, mfuti, jombo ndi chikwama zili pathupi, namira ngati mwala. Amene anawatsatira pansipo n'kuwakoka pakolala anali msilikali mnzawo wa ku Tanga, mwana wa asodzi, Msilamu.

Nkhondo itatha sanaonanenso. Posowa chomuthokoza nacho, a Ambokile analumbira kuti tsiku limene anapulumutsidwalo, chaka ndi chaka, m'nyumba mwawo muziphikidwa zokhazo zimene mnzawoyo akanadya atatulukira.

"Munthuyo anafa kalekale, iwe," anatero a Gwakisa. "Ubwera naye kuti adzanunkhize mapoto?"

Mayi ake a Tumpale anangozyolika, akusenda nthochi. Tumpale ndiye sanabwerere m'mbuyo. Anawakumbutsa amalume akewo kuti iwo anabadwa nkhondo itatha. Pakanapanda dzanja limene lija, si bwenzi pali Gwakisa, kapena mimba imene akuisisitayo, kapena iye Tumpale wowalalatirayu.

Kuseka kunawathera a Gwakisa. Anayang'ana phukusi lija kanthawi, nalinyamula n'kukalipatsira pampanda kwa aneba. Pobwerera anali akupukuta manja, akufunsa ngati pakhomo pali nkhuku yoti n'kuzinga.

"Ilipo," anatero Tumpale, mawu atatsika. "Koma choyamba, agogo ankamutchula dzina mnzawoyo asanadye. Ine ndinali wamng'ono, amayi akuti linawathawa. Inu munkakhala nawo pamphasa imodzi. Anali ndani, amalume? Yankhani."