Nkhokwe ya ku Aqaba

Ife timalemba kuyambira kumanja. Mwana aliyense wa ku Irbid amadziwa zimenezi, koma makina amene tinagula kunja analibe nazo ntchito.

Ine ndi mnzanga Mutasim tinkayang'anira makompyuta pachipatala china cha khansa mumzinda wathu wa Irbid. Maseva athu, makompyuta otumikira ena onse pachipatalapo, analibe thupi. Onse ankakhala m'mimba mwa chimakina chimodzi chosungira zinthu, chimene tinkachitcha nkhokwe. Mayina a odwala, zithunzi za m'thupi, miyezo ya pamene cheza chiwotche chotupa, zonse zinali m'menemo. Makina a matepi, osungira zomwezo padera, anali atafa kalekale, moti nkhokweyo ikanapsa tikanagwira njakata.

Amene sankagona nazo tulo anali Mutasim, poti mayi ake anali pakati pa chithandizo cha cheza pammero. Anavutitsa akuluakulu mpaka anagula nkhokwe yachiwiri n'kukaiika kutali, mumzinda wa Aqaba, kuti chilichonse cholembedwa kuno chizikoperedwa kumeneko. Inafika yopanda kanthu, yoyera mbee.

M'mawa wa tsiku lolumikiza, bwana wathu a Abu Firas anajambula mabokosi awiri pabolodi monga tilembera: Irbid kumanja, poyambira, Aqaba kumanzere. Muvi sanaike.

"Chosavuta ngati kumwa tiyi," anatero. "Iwe Mutasim, usandichititse manyazi. Ndili kumsonkhano."

"Pitani bwana, mukadye makeke. Ntchito tisiyireni eni ake."

Ine ndinali kuseri kwa makina, ndikulimbana ndi mawaya. Pasikirini panalinso mabokosi awiri, koma a eni makinawo: lotumiza kumanzere, lolandira kumanja. Mutasim anasuzumira pabolodi n'kukopera mmene zinalili, Aqaba kumanzere, Irbid kumanja. Makina anachenjeza kuti zonse za mbali yolandira zifufutidwa.

"Ghadir, wamva?" anandikuwira akuseka. "Akuti afufuta. Afufuta chiyani m'nkhokwe yopanda kanthu?"

"Dina batanilo tizipita, njala yandipha," ndinayankha.

Mpaka lero ndimakwiya ndikakumbuka mmene timagetsi tinayakira tobiriwira, tonse, ngati zinthu zili bwino. Makinawo sanalakwitse. Anatenga kupanda kanthu kwa ku Aqaba n'kukutsanulira mokhulupirika pamwamba pa zonse za ku Irbid.

Tikudya buledi wothira zonunkhira za zaatar, foni inalira. Anali nesi wa ku cheza, akuti kompyuta yake yaima. Tisanayankhe, inalira ina ya kumankhwala. Titathamangira kumakina kuja, Mutasim anayang'ana pasikirini, kenako pabolodi, milomo ikuyenda ngati mwana wophunzira kuwerenga. Anazula waya, koma madzi anali atatayika kale.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?" anandifunsa chapansipansi.

Sankafunsa za makina. Wodwala aliyense anayenera kujambulidwanso ndi kuyezedwanso, pamzere wa miyezi, chotupa chisakudikira munthu.

Tinatsikira limodzi ku wodi. Khonde linali litadzaza anthu, ena atakhala pansi. Mayi ake a Mutasim anali pawindo la kalaliki, chikwama chili pachifuwa, mawu atasasa ndi cheza chija.

"Mayi, dzina lanu silikupezeka," kalaliki ankabwereza.

"Usavutike mwanawe," anatero iwo. Atatembenuka anationa, nkhope n'kuwala. "Si uyu wabwerayu? Ndi mwana wanga ameneyu, ndiye amasunga mayina athu tonse. Mutasim, tamuwonetsa pamene unandiika."