Chala cha Bambo Ake

Chubu cha mankhwala a chikanga chinatha sabata isanathe, ndipo mayi ake mwana anachifinya mpaka kuchiluma ndi mano, koma sichinatuluke kanthu. Kamtsikana kake kanali pamphasa, masokosi m'manja kuti kasadzikande, koma kankakhuza nkhongono zake pamwendo wa tebulo mpaka magazi.

Mlandu unagwera bambo ake, poti ndiwo ankamudzoza m'mawa mayi akathamangira ku shopu yawo yosokera zovala.

"Kuchipatala anati kuchokera kunsonga ya chala kufika pamfundo yoyamba, basi! Pofiira pokha, kenako mafuta wamba pamwamba kuti khungu lisaume. Nanga inu chala ngati mpini wa khasu, mukumata khoma kodi?"

"Ndimayezera chaching'onochi, mayi," anatero bamboyo, akuchiwonetsa mwaulemu ngati mboni.

Mayiyo anangotsonya n'kutuluka. Kusitolo ya mankhwala nako kunalibe chisoni. Wogulitsa, bambo wa magalasi okhala kunsonga ya mphuno, anatembenuza chubu chophwatalalacho n'kupukusa mutu.

"Chimenechi chimayenera kukufikitsani kutali. Mankhwalawa ndi amphamvu, mukachulutsa amapyapyalitsa khungu. Sindingakupatseni china, mungamupweteke mwana."

Kumupweteka mwana! Iyeyo, amene anasiya sopo wonunkhira, amene ankasoka yekha timadiresi tofewa topanda msoko wokanda! Anabwerera kunyumba mtima uli phuuu, akukangana ndi wogulitsayo chamumtima msewu wonse, ndipo mumtimamo ankapambana.

Pakhomo anapeza mlamu wake, mlongo wamng'ono wa mwamuna wake, amene anabwera kudzafuna ntchito n'kupeza mpando wofewa. Mtsikanayu masiku amenewo anali atayamba kuwala nkhope, ndipo aliyense womuyamikira ankamuyankha kuti, "Madzi akuno andiyanja." Koma tsikuli anakhala kukhonde atafunda nsalu kumutu, dzuwa likuswa mtengo.

"Mlamu, mwazizidwa?"

"Ayi, mutu chabe."

Dzanja linalowa pansi pa nsalu, n'kuyamba kwakwa, kwakwa. Mayi ake mwana phokoso limenelo ankalidziwa kuposa kulira kwa makina ake osokera. Anakoka nsalu ija. Nkhope inali yoyera ngati mkati mwa mbatata, khosi lakuda monga analengedwera, ndipo masaya ali psuu, tiziphuphu tili mbwee. Madzi akunowo anali osankha ndithu, ankalekezera pachibwano.

"Ndinkangotapako pang'ono," anatero mlamuyo, maso pansi. "Anzanga anati amayeretsa. Chithereni chubu chija nkhope ikungotentha."

Mayiyo anaganiza za zofunda za madontho a magazi, za bambo osalakwa amene anawanyozera chala, za magalasi aja akumuyang'ana ngati mayi wosasamala. Anakwiya koopsa, ndipo akanapanda kukhala mlongo wa mwamuna wake, katundu akanamupeza panja.

Kamtsikana kaja kanatulukira pakhomo, kakuyenda motang'adza chifukwa cha zilonda. Kanayang'ana azakhali ake, kenako kanavula sokosi imodzi ndi mano n'kuwapatsa.

"Azakhali, valani. Mukakanda zimaipiraipira."

Mlamu anayamba kulira. Mayi ake mwana sanamutonthoze. Anabereka mwana kumsana, nanyamula chubu chopanda kanthu chija, n'kumugwira mlamuyo padzanja.

"Tiyeni kusitolo."

"Ndi nkhope imeneyi, alamu? Anthu andiseka. Bwanji ndifunde?"

"Nsalu isiyeni pompo. Bambo uja sanakhulupirire pakamwa panga, ndiye akawerenge yekha pamasaya panupo pamene panapita mankhwala a mwana wanga."