Lupu Imene Anamuika Ali Mtulo

1.
Ndiye mukuti simunamve kanthu?
Ndinali mtulo, abambo a Yankho.
Munthu n'kukuikani chitsulo m'mimba, inu osamva?
Si chitsulo. Ndi kapulasitiki.
Mwadziwa bwanji, poti munali mtulo?
Fayinesi anazyolika. Buku lake la kusikelo linali m'manja mwa Gelesomu, mwamuna wake, lotsegula pa tsamba limene namwino analembapo ndi inki yofiira: lupu yaikidwa pa opareshoni.

2.
Manyazi.

3.
Zimene Gelesomu anamva kwa anzake a kabaza pa siteji:
imayenda mpaka kumtima
imang'amba bala la opareshoni
imaumitsa mkaka
mwana wotsatira amabadwa ataifumbata
imabaya bambo
Chomalizachi kunyumba sanachitchule.

4.
Kusikelo, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, namwino wamfupi uja anakweza kanthu konga kamtanda kopanda mutu n'kunena kuti amene mudzachitidwe opareshoni chiberekero chimafuna kupuma zaka ziwiri, tikhoza kuika tisanasoke, sikakhudza mkaka, kumtima kulibe njira, mungobwera pakatha milungu isanu ndi umodzi tidzaone ngati kalipo chifukwa nthawi zina kamatuluka kokha, ndipo azimayi anaseka n'kumagundana zigongono koma Fayinesi sanaseke, maganizo ali pa siketi ya yunifolomu imene anaipinda pansi pa sutikesi ali Fomu 3, masiku amene Gelesomu anali Gele basi, womudikira pa mtengo wa kesha ndi chimanga chootcha

5.
Ndinali gadiyani wake ine, anatero apongozi akupukusa chimanga pakhonde. Potuluka m'fiyeta anandifunsa ngati mwana ali ndi tsitsi. Wogona amafunsa za tsitsi?
Amayi, mankhwala aja amabwebwetetsa. Mkazi wanga sanama.
Fayinesi anamva ali m'nyumba. Anasinthira mwana ku bere lina, lomwe anali atayamwa kale.

6.
Lachiwiri Gelesomu anavala shati yoyera ya kutchalitchi. Tikupita. Akaichotse lero lomwe, ndipo dokotalayo ndikamunenera kwa akuluakulu ake. Sangamachite zimenezi kwa munthu wogona.
Pa kaliyala wa njinga anali atamangapo pilo, kuopa bala. Anakwezapo Fayinesi mosamala.
Ndinatsala pang'ono kukutayani tsiku lija, amake Yankho. Kachiwiri ayi.

7.
Ndinali mtulo. Pa chigayo, Fayinesi akubwereza mumtima. Ndinali mtulo. Pa mlatho. Gelesomu ankazemba mabampu onse, limodzi ndi limodzi, mpaka shati kunyowa kumsana.

8.
Tsiku la opareshoni, jakisoni anali wa pamsana. Miyendo inafa, mutu ayi. Nsalu yobiriwira patsogolo pake, mwana kulira, kenako dokotala kusuzumira pamwamba pa nsaluyo, maso okha. Mayi, za lupu zija, mukufunabe?

9.
Pa geti la chipatala Fayinesi anamugwira shati.
Imani, Gele.
Anaima. Dzinalo anali asanalimve chikwatirane.
Sindinagone. Anandifunsa kawiri, ndipo kawiri konse ndinati eya. Ndinasaina ndekha kusikelo, ndi cholembera chanu chomwe chija. Dokotalayo musiyeni.
Gelesomu anatsitsa phazi lina pansi.
Ndikufuna Yankho ayende kaye, ayambe kukuitanani. Ndikufuna ndikalembe Fomu 4. Lupuyi isachoke.