Makilo Asanu M'jekete ya Atate

Loweruka lililonse amayi ankandikweza pa sikelo, kaya kugwe mvula kaya malonda avute. Tikangomaliza kupachika salaula wathu, zovala zakaunjika zimene tinkagulitsa kumsika wa Soweto mu Lusaka, ankandigwira padzanja ngati kamwana, ine mtsikana wa giredi 9, n'kupita nane kwa Ba Gilson, bambo wina amene amakhala ndi kasikelo kake pafupi ndi ogulitsa tomato. Ba Gilson sadziwa kunong'ona. Ukangokwera, nambala yako imakamveka mpaka kwa ogulitsa makala.

"Seventy-four! Abby aina. Amake Abby, musunga bwino mwana."

Azimayi a m'mabenchi ankawomba m'manja poti ndanenepa, amayi n'kumabwerera ku salaula akuyenda mwamatama. Ine ndinkafuna nthaka itang'ambika ndilowemo.

Zimenezi zinayamba atate atamwalira, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anali makaniko wa maminibasi, munthu wathupi lake. Kenaka anayamba kuonda. Lamba anatha mabowo, amayi n'kumaboola ena ndi msomali. Kuchipatala anati ndi shuga, koma anthu a kwathu ku Kabwata alibe nazo ntchito za dokotala. Iwo anali ndi matenda awoawo amene anawapezera atate. "Kanayaka," ankatero pa mpopi, kutanthauza kuti ali ndi kachilombo, ndipo maliro atatha maso onse anatembenukira kwa amayi ndi ine, kudikira kuti aone ayambe kuonda ndani. Amayi anatolapo phunziro limodzi lokha: munthu akaonda ndiye kuti imfa yafika pakhomo, ndipo anthu amayamba kumuika ndi pakamwa asanafe. Choncho anandinenepetsa. M'mawa buledi wopaka majarini mbali zonse ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga. Kusukulu zitumbuwa zinayi ndi botolo la chakumwa chotsekemera. Madzulo tchipisi, iwo atakhala pambali kuonerera mpaka mbale iyere.

Kusukulu kwathu kunali aphunzitsi a masewera, Madam Mulubwa, mayi wosatopa ngati nyerere. Anachotsetsa zakumwa zotsekemera m'kashopu ka pasukulu, anatilimitsa repu kuseri kwa makalasi, ndipo Lachitatu ndi Lachisanu ankatithamangitsa m'bwalo lafumbi lija. Tinkawada tonse, ine ndiye kuposa wina aliyense. Mwezi wa Meyi anaitana anamwino kuti adzatiyeze. Namwino wina anandibaya chala, anayang'ana kamakina kake, kenaka anandiweramitsa mutu n'kuona kuseri kwa khosi langa. Pamenepo panali pakuda, ndipo amayi anali atapakhula ndi mwala kwa zaka ziwiri poganiza kuti ndi litsiro. Namwinoyo anafunsa ngati kwathu kuli wina wodwala shuga. Ndinati atate anafa nayo. Anangoyamba kulemba kalata.

Madam Mulubwa anandiitanira pambali. "Abby, mvela. Shuga ikalibe kukugwila, koma ili pafupi maningi. Ukachosako ma kg na kuyamba kuthamanga, ungaithabe. Peleka letter iyi kuli ba mummy."

Ndinachita mantha, sindinama. Ndinakumbukira lamba wa atate uja. Koma kalatayo sindinaipereke, ndinati ndiyese kaye madzi ndi chala. Madzulo amenewo, amayi akundiikira tchipisi, ndinalankhula za kunenepa ngati nkhani ya anthu ena.

"Ba mami, ku school bakamba ati kuina maningi kuleta shuga."

Amayi anaima ndi supuni m'manja. "Shuga? Ba daddy bako unabaona bwanji pamene benze kufa? Benze baina? Shuga iyondesa, iwe. Muntu oina alibe shuga. Idya."

Ndinadya. Ukanamuyankha chiyani munthu amene anasambitsa yekha mafupa a mwamuna wake? Kalata ija ndinakaiponya m'bokosi la zitsulo za atate, pansi pa bedi.

Kunyumba sindikanatha kukana chakudya, ndiye ndinayambira kusukulu. Zitumbuwa ndi botolo lija ndinkapatsa anzanga, amene anayamba kundikonda kwambiri masiku amenewo. Ndinkamwa madzi a pa mpopi. Pothamanga ndinkakhala womaliza, ntchafu zikupsa, anyamata akundiimbira nyimbo zachipongwe. Koma tsiku lina ndinazungulira bwalo lonse osaima ngakhale kamodzi. Madam Mulubwa anangondisisita paphewa. Ndinasangalala moti ndinakalirira kuchimbudzi kuti anthu asandione.

Loweruka lotsatira Ba Gilson anakuwa kuti seventy-three. M'manja simunawombedwe. Amayi anandikwezanso kachiwiri, anawauza Ba Gilson kuti sikelo yawo yatha, kenaka anandigwira pachipumi kuona ngati ndatentha thupi.

"One kg yayenda kuti? Udwala? Nikambile zoona."

Tsiku limenelo sanagulitse bwino. Kasitomala akafunsa mtengo wa siketi, iwo maso ali pa ine. Apa m'pamene ndinakumbukira bokosi lija. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira, ndipo jekete ya atate yachikopa, ya matumba akuluakulu am'kati, inali ikadali m'kabati. Ndinasankha manati a matayala okwana kilo imodzi, ndinawakulunga m'masokosi kuti asalire, n'kuwaika m'matumbamo. Amayi atandiona ndavala jeketeyo anagwetsa misozi, ati ndafanana ndi atate. Ba Gilson anakuwa kuti seventy-four, ndipo m'nyumba mwathu munabwerera mtendere.

Ndinkadziona ngati wochenjera. Sindinaganize kuti kilo iliyonse imene ndaitaya Lachitatu ndidzayenera kuisenza Loweruka. Pa sikelo ya Madam Mulubwa nambala inkatsika: 72, 71, 70. Pa ya Ba Gilson inangoima pa 74, chifukwa m'jekete munalowa masipanala, mabawuti, ndi mutu wa hamala. Masiketi ndinkawagwiritsa ndi mapini pansi pa juzi. Masaya okha ndiwo ankandiulula, koma amayi ankakhulupirira sikelo kuposa maso awo. Madam akafunsa za kalata ndinkati amayi awerenga ndipo athokoza. Ndinkanama uku ndi uku, ndipo ndinatopa nazo, koma ndikasiya kuthamanga ndinkaona atate, ndikasiya jekete ndinkaona nkhope ya amayi.

Kenaka unafika Okutobala. Amene anakhalapo mu Lusaka mwezi umenewu akudziwa kuti ngakhale agalu amasiya kuuwa. Ine ndinali pa 69, m'jekete muli makilo asanu, mapewa atatupa. M'minibasi yochoka ku Kabwata kondakitala anandifunsa ngati ndikupita ku maliro a ku Russia. Titafika ku Soweto thukuta linkachita kuyenderera m'miyendo, ndipo popachika madiresi maso anachita mdima. Ndinagwira mtengo wa benchi kuti ndisagwe.

"Vula chi jacket icho, uzafa na heat," anatero amayi.

"Nili chabe bwino, ba mami."

Sanandimvere. Anandikokera kuseri kwa zovala zopachika, kumene anthu sationa, n'kundivula okha. Jekete itachoka m'mapewa mwanga inawakokera dzanja pansi, n'kugwa ndi phokoso losamveka ngati la chovala. Anaiyang'ana kanthawi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa sokosi, m'sokosimo n'kutulutsa sipanala. Anaidziwa. Inali ndi penti wofiira amene atate ankapaka zitsulo zawo kuti anzawo asawabere. Kenaka anandiyang'ana ine, nditaima m'kabulauzi, siketi ili ndi mapini atatu.

"Yangati?" anafunsa chapansipansi.

"Five."

Anakhala pamtolo wa salaula. Tsiku limenelo sitinapite ku sikelo. Ba Gilson atatikuwira kuti lero sitipima kodi, amayi anangokweza dzanja osacheuka. Azimayi a tomato anayang'anizana, ndipo ine ndinaona kuti amayi aona.

Titafika kunyumba dzuwa likadalipo, ndinatulutsa kalata ija, itada ndi girisi. Ndinawawerengera pang'onopang'ono, kenaka ndinawaonetsa khosi kuti si litsiro. Ndinayembekeza kukalipiridwa, mwinanso khofi. Zikanakhala bwino. Iwo anangoigwira kalatayo ndi manja awiri.

"Manje ufuna kuniuza ati nine nenze kukupasa matenda ya ba daddy bako? Na manja yanga?"

"Simunazibe, ba mami."

"Nikakudyesa, nikupaya. Nikakuleka, uyonda, bantu bayamba futi kukamba. Iwe wenze mung'ono, sunamvele vamene benze kukamba pali ine." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Nichite bwanji?"

Mlungu wonsewo tinkangodutsana m'nyumba. Lolemba m'mawa ndinawaona akuika zitumbuwa zinayi m'kabokosi kanga, kenaka anachotsamo, kenaka anabwezeramo ziwiri. Madzulo anaphika chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu, koma anandiikira nsima ya anthu awiri, n'kutuluka panja kuti asaone imene ndasiya. Lachitatu ndinathamanga, popeza sanandiletse. Sanandiuzenso kuti ndizithamanga. Lachinayi anabwerako kumsika nkhope ili gwa. Mayi wina wa tomato anali atawafunsa ngati mwana ali bwinobwino, poti sanapime.

Loweruka m'mawa ndinapeza jekete ili pabedi langa. Matumba anali atasokedwanso ndi ulusi wophatikiza, m'kati atayalamo nsalu ya jinzi kuti asang'ambike. Zitsulo zonse zinali momwemo, chilichonse chokulungidwa bwinobwino m'kansalu kake.

"Uzavalila kuja, osati mu bus," anatero amayi, osandiyang'ana. Anaiika mumtolo n'kuusenza okha.

Kuseri kwa zovala anandiveka, anandikonza kolala, n'kundigwira padzanja monga mwa masiku onse. Mapazi khumi ndi asanu okha kukafika kwa Ba Gilson, koma ndinawamva onse m'mapewa. Ndinakwera.

"Seventy-four! Nenze nayopa, Amake Abby. Mwana ali chabe mushe."

Azimayi anawomba m'manja. Amayi anaseka nawo, anayankhanso nthabwala ya mayi wa tomato uja, koma dzanja lawo linali lozizira m'dzanja langa. Titabwerera kuseri kwa zovala anandivula msangamsanga, anandipatsa botolo la madzi, n'kuikwirira jekete pansi pa mtolo. Anatenga diresi lina n'kuyamba kulikutumula, ngakhale linalibe fumbi. Kenaka anafunsa za Loweruka lotsatira, maso ali pa diresilo.

"Week ya mailo, niikemo ma kg yangati mu jacket?"