Mphete ya mu Ayezi

A Vern Kubiak atangoiona tambula ikubwera pa thireyi, anadziwa kuti zinthu zalakwika. Mphete imaonekera. Osati pang'ono ayi, inali pambalambanda, pakati penipeni pa chibuma cha ayezi chachikulu ngati chibakera, choonekera mkati ngati galasi la pawindo.

Si mmene anakonzera. A Vern anayendetsa basi za mumzinda wa Milwaukee mpaka kupuma ntchito, ndipo zaka zonsezo mawu awo anali "sunthirani kumbuyo" basi. Funso lofunsira ukwati a Luanne Petrie, mayi wamasiye wometa tsitsi amene amayenda nawo, limangowakakamira pakhosi chaka chonse. Ndiye anaganiza nzeru. Sabata yathayo anabwera kubala yapamwambayi, yopanda chikwangwani pakhomo, nam'patsa mphete wosakaniza zakumwa kuti aiumitse mu ayezi. M'mutu mwawo munali ayezi wa kunyumba, wotuwa, wosungunuka usanamalize moni. A Luanne akanamwa, mphete n'kugwera pansi pa tambula, iwo n'kungoti "bwanji?" nkhani n'kutha.

Wosakaniza zakumwayo, Desmond, mwamuna wa ndevu zopotana kunsonga ndi epuloni yachikopa, anaikhazika tambula patebulo ngati wanyamula khanda.

"Chanu, mayi. Wisiki wofukizidwa ndi utsi wa nkhuni za maapozi."

Anatenga kakhungu ka lalanje, kukawambitsa pa machesi, kukapukutira m'mphepete mwa tambula, kenako kukataya. A Vern anamukoka epuloni.

"Achimwene," ananong'ona, "chisungunuka nthawi yanji chimenechi?"

Desmond anatukumula chifuwa. "Chathu sichisungunuka chisawawa, bambo. Timachiumitsa pang'onopang'ono kuti mpweya wonse uchoke, kenako timadula ndi sowo. Anthu amamwa, kucheza, kunyamuka, icho chili chilili."

Ananena ngati akuwauza uthenga wabwino.

A Luanne anatulutsa magalasi m'chikwama, kuvala, kusuzumira m'tambulamo, kuvula magalasi, kuwabwezera m'chikwama. Anamwa pang'ono.

"Akununkha ngati nyumba yapsa," anatero, "koma ngwabwino."

Za mphete, ngakhale liwu. Anayamba kufotokoza za bondo la mchemwali wawo, mmene madokotala analitsegulira ndi mmene likutupira. A Vern samamva kanthu. Kunja kunali chisanu choumitsa mphuno, dzuwa litangolowa kumene, koma iwo thukuta kamukamu. Anayang'ana chibumacho. Ngodya zake zinali zakuthwabe ngati za njerwa yatsopano. Anasuntha kandulo ya patebulo mpaka inagunda tambula. Kenako, ngati akuseweretsa, anaifumbata tambula ndi manja onse awiri kuti aifunditse.

"A Vern, yanu ndi iyo," anatero a Luanne.

"Ndimangoti ndione kulemera kwake."

"Mwaona?"

Anaisiya. Patapita kanthawi anatenga kasupuni kataliko n'kuyamba kugogoda chibumacho pamutu. Kukauntala Desmond anatsinzina ngati akumugogoda iyeyo. Anthu a patebulo loyandikana, achinyamata ovala zakuda okhaokha, anasiya kujambula zakumwa zawo n'kutembenuka. A Vern anachita manyazi, nalakalaka bala yawo ya pakona, ya mowa wa m'botolo ndi nsomba zokazinga Lachisanu, komwe ayezi amadziwa ntchito yake.

A Luanne anawalanda kasupuniko, kukaika pambali.

"Ndaiona, a Vern. Ndinaiona ikuchokera kukauntala, magalasi ndisanavale. Ndi yokongola."

A Vern anati ayankhe, koma a Luanne anawatsogolera.

"Musavutike. Mmene ndikuonera, tili ndi nthawi yambiri. Ikadali mkatimo ndiye kuti simunandifunse kanthu, inenso sindinayankhe kanthu. Ndiye mundilole ndilankhule ngati munthu wosafunsidwa." Anamwanso. "Ndikaimba foni ya m'nyumba mwanu inu mulibe, amandiyankha ndani?"

"Makina."

"Mawu ake a ndani?"

A Vern anayang'ana kandulo. "A Joyce."

Joyce anali mkazi wawo, amene anamwalira zaka zingapo zapitazo.

"Ndikafika pakhomo panu," anapitiriza a Luanne, "pamsomali pali jasi lofiira la a Joyce. Langa ndimalipinda n'kuika pa makina ochapira, ngati munthu wodzakonza mipope. Mpando wa pawindo, tsiku lija ndinakhalapo, munadwala mutu mpaka ndinasuntha. Masilipasi awo ali pansi pa bedi, ayang'ana kukhomo, okonzeka. Ndiye ndimati ndifunse, ine mukandiika pati? Pa makina ochapira pomwepo?"

"Si choncho, a Luanne."

"A Joyce ndinkawadziwa. Ndinawameta tsitsi zaka zambiri. Anali munthu wabwino, ndipo akanaona zimene mwachita ndi nyumba yawo akanakukalipirani mpaka mukanathawira m'galaja. Sindikuti muwaiwale. Mwamuna wanga naye sindinamuiwale, ngakhale anali wovuta. Ndikufuna msomali wokolekapo jasi langa. Umodzi."

Mawuwo anawapweteka a Vern, chifukwa anali oona. Anasisita m'mphepete mwa tebulo ndi chala.

"Ndikalichotsa jasi lija," anatero pomaliza, motsitsa mawu, "ndiye kuti amwaliradi."

"Anamwaliradi, a Vern. Ndinalipo. Mbatata za pamaliro ndinaphika ndine."

A Luanne anawagwira dzanja. Lawo linali lofunda, la a Vern lozizira chifukwa cha tambula ija. Chibuma chinali chitatuluka kathukuta pang'ono, koma kungoti chisanamiziridwe kuti sichikuyesetsa.

Desmond anabwera mwaulemu, manja kumbuyo. Pabalapo mipando imakhala ndi nthawi yake, ndipo ena anali akudikira pakhomo. Anayang'ana mphete, kenako kuyang'ana a Vern.

"Sitinachitepo zimenezi," anatero ndi nkhope ya pamaliro, "koma ngati mukufuna, nditha kubweretsa madzi otentha."

"Bweretsani," anatero a Vern msangamsanga.

"Ayi, mwanawanga," anatero a Luanne. "Mundipatse kachitini kokhala ndi chivindikiro."

"Zakumwa sizituluka pakhomo, mayi. Ndi lamulo."

A Luanne anakweza tambula, kugugudiza wotsalayo, kuibwezera patebulo. "Chakumwa chatha. Lamulo lanulo likuletsanso madzi?"

Desmond anaganiza, nkhope yake n'kuyamba kuwala. Chibuma chake chinapulumuka. Anabwera ndi botolo la kukamwa kwakukulu losungiramo zipatso, kuchinyamula ndi kopanira kasiliva, kuchilowetsa bwinobwino, kutseka. Anawalangizanso kuti asachiike pafupi ndi nsomba, chingatenge fungo.

Panja a Luanne anaika botolo m'chikwama, nakoleka dzanja m'mkono mwa a Vern kuti asaterereke.

"Ikakhala mufiriji mwanga, pambali pa nandolo. Sindinakane, mumve bwino. Tsiku lomwe mudzandiitane kuti ndidzakoleke jasi, ketulo yosungunulira ayeziyo ndidzaika pamoto ndekha."

"Nanga magetsi akazima?"

"Mupemphere asazime. Ndikhoza kuyankha ndisanakonzeke, ndiye simungakondwe nalo yankho."

M'mawa mwake a Vern anadzuka ndi nzeru ina, poti nzeru sizimawathera. Anatsikira kuchipinda cha pansi, kutenga hamala ndi msomali wautali, n'kuukhoma pambali pa jasi lofiira. Anabwerera m'mbuyo kuti aone. Msomali umodzi anapempha, msomali umodzi ndi uwu. Anafika mpaka ponyamula foni.

Koma ataima pomwepo, foni ili m'manja, anaona mmene zidzakhalire: majasi awiri kuyandikana, mapewa kugundana, a Luanne akutulutsa magalasi m'chikwama, kuvala, kuyang'ana, kuvula osanena kanthu. Anabwezera foni.

Analichotsa jasi lofiira pamsomali. Linali lopepuka kuposa mmene amaganizira, ndipo m'thumba munali maswiti a chifuwa awiri omatirira ku pepala. Anakhala nalo pa mpando wa pawindo, lili pamiyendo, nalira monga sanalire pamaliro. Atatha anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, kulipinda jasilo mosamala, mabatani mkati, n'kupita kugalaja kukafuna katoni yoyera.